Laputopu yakale imene ili m'kabati ya kuntchito kwathu

M'kabati yachitsulo ya m'chipinda chathu cha zamagetsi muli laputopu ina yakuda, yolemera ngati njerwa. Batire lake linafa kalekale, moti ukangoizula pamagetsi imazima nthawi yomweyo. Chivundikiro chake chinathyoka mbali imodzi ndipo timachitsamiritsa kukhoma kuti chisagwe. Pamwamba pake pali kapepala komatidwa ndi selotepi, kolembedwa ndi munthu amene anapuma pa ntchito ine ndisanabwere: "Osailumikiza pa intaneti. Osaikamo china chilichonse." Mkati mwake muli Windows XP, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 8 Epulo 2014.

Munthu wachilendo angaione ngati chinyalala choiwalika. Koma mpaka mwezi watha laputopu imeneyi inali yokhayo pafakitale yonse imene inkatha kulankhula ndi PLC, kakompyuta koyendetsa makina athu omanga makatoni. Makinawo ali bwinobwino, amagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo tikamawasamalira atha kutumikira zaka zina khumi. Laputopuyi ikanakana kuyaka, makinawo akanapitiriza kuyenda, koma palibe amene akanatha kuona zimene akuganiza, kapena kusintha ngakhale sekondi imodzi pa timer yake. Nthawi zonse ndikatsegula kabatiyo mtima umandigunda, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba izi.

Ine pa kompyuta yanga ndimagwiritsa ntchito Debian, mtundu wina wa Linux, dongosolo laulere loyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo tsopano zaka zadutsa khumi. Ntchito yanga yambiri imatheka pamenepo popanda vuto. Zojambula za mawaya ndimapanga ndi QElectroTech. Netiweki ikavuta ndimatsegula Wireshark, pulogalamu yoonetsa zimene zikudutsa pa waya. Ndikafuna kudziwa chimene inverter yosinthira liwiro la mota ikunena, mizere ingapo ya Python ndi pymodbus ikukwanira, chifukwa Modbus, njira yolankhulirana zida imene kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979, ndi yoti aliyense atha kuiwerenga ndi kuilembera pulogalamu. Koma ikafika nthawi yotsegula pulogalamu ya PLC yeniyeniyo, imene ndi mtima wa ntchito yanga, ndimayenera kudzutsa Windows. Njira ina palibe.

Kwa amene sali mu ntchitoyi: PLC ndi kakompyuta kolimba kokhala mu panelo ya magetsi. Kamawerenga masensa ndi mabatani, kamaganiza molingana ndi malangizo amene tinakapatsa, kenako kamayatsa kapena kuzimitsa mamota ndi mavavu, n'kubwereza zimenezi kambirimbiri pa sekondi iliyonse, chaka ndi chaka. Kanabadwa cha mu 1968, pamene General Motors inatopa ndi makabati odzaza ma relay, timaswitchi toyendetsedwa ndi magetsi, amene ankafunika kumasulidwa mawaya nthawi zonse galimoto ikasintha mtundu. Dick Morley ndi anzake a ku Bedford Associates anapanga Modicon 084. Chilankhulo cha ladder anachipanga dala kuti chizioneka ngati chojambula cha ma relay, kuti wamagetsi wamba azitha kuchiwerenga ali chiimire pafupi ndi makina. Cholinga chinali chakuti wokonza makina aziona m'kati mwake. Ndimakumbukira zimenezi ndikamayang'ana laputopu ya m'kabati ija.

Mu 1993 panatuluka muyezo wa IEC 61131-3, umene unaika pamodzi zilankhulo zisanu: Ladder Diagram, Function Block Diagram, Structured Text, Instruction List ndi Sequential Function Chart. Ophunzira ambiri akamva za muyezowu amaganiza kuti ndiye kuti pulogalamu yolembera PLC ya kampani ina itha kutsegulidwa ndi chida cha kampani ina. Si mmene zilili. Zilankhulo zimafanana, koma fayilo ya ntchito yako, njira yosandutsira pulogalamuyo kukhala chinthu chimene PLC ingamve, ndi njira yoilowetsera m'makina, zonsezi kampani iliyonse ili ndi zakezake ndipo zambiri ndi zobisika. Uli ndi PLC ya Siemens, ukufunika TIA Portal. Ya Allen-Bradley, Studio 5000. Ya Beckhoff, TwinCAT, imene malo ake olembera anamangidwa pa Visual Studio. Ngakhale CODESYS, imene makampani ambirimbiri amaigwiritsa ntchito m'zida zawo, pulogalamu yake yolembera ndi ya Windows. Zonse zinayi zimafuna Windows.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti kumbali ya makina enieniwo, Linux inalowa kale. Zida za PLCnext za Phoenix Contact zimayenda pa Linux. Ma PFC200 a WAGO chimodzimodzi. ctrlX ya Bosch Rexroth inamangidwa pa Ubuntu Core. CODESYS yomweyo ili ndi gawo loyendetsa makina limene limaikidwa pa Linux, ngakhale pa Raspberry Pi. Beckhoff ili ndi TwinCAT/BSD yochokera ku FreeBSD, imene si Linux koma ndi yofanana nayo. Kale anthu ankati Linux siingadaliridwe pa ntchito yofuna kuyankha pa nthawi yake yeniyeni, koma PREEMPT_RT, yowonjezera yothetsa vuto limeneli, yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo inalowa mu kernel, mtima weniweni wa dongosololi, pa Linux 6.12, kumapeto kwa 2024. Ndiye kuti gawo lovuta, limene likachedwa pang'ono chitsulo chimagunda chitsulo, Linux ikulikwanitsa. Chotsala ndi pulogalamu ya pa desiki yojambulira mizere ndi mabokosi.

Sindikufuna kunamizira makampaniwa kuti amachita izi chifukwa cha nkhanza chabe. Zifukwa zilipo ndipo zina ndi zomveka. Pamene mafakitale ankachoka pa DOS m'zaka za m'ma 1990, Windows ndi imene inali paliponse. OPC yoyamba, imene inathandiza kuti zida za makampani osiyana zizipatsana manambala, inamangidwa pa COM ndi DCOM za Microsoft, ndipo dzina lake lenileni linali OLE for Process Control. Zaka makumi awiri za ntchito zinaunjikidwa pa maziko amenewo, kenako pa .NET. Kusamutsa zonsezo si ntchito ya mwezi umodzi. Palinso nkhani ya chitetezo cha anthu. Chida cholembera pulogalamu yoimitsa makina munthu akalowetsa dzanja chiyenera kuyesedwa molingana ndi miyezo ngati IEC 61508, ndipo kuyesako kumachitika pa dongosolo lodziwika. Ukati Linux, wopanga amafunsa kuti iti, Debian, Fedora kapena Ubuntu, ndipo ya chaka chiti? Ndipo chachikulu: ogula sapempha. Amene amasainira kugula makina si amene amadzuka pakati pa usiku kukawakonza.

Zonsezi ndikuzimva. Chimene sindivomereza ndi mapeto ake, oti makina a zaka makumi atatu amangidwe pa chingwe cha chinthu chokhala zaka khumi. Windows 7 inasiyidwa pa 14 Januwale 2020. Windows 10 tsiku lake linali 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe. Tsiku lililonse lotere limabala laputopu ina yokatsekeredwa m'kabati ndi kapepala kake. Ndipo malaputopu amenewa si osalakwa ayi. Vairasi ya Stuxnet, imene inadziwika mu 2010, inafika ku ma PLC a kumalo a nyukiliya a Natanz ku Iran podzera m'makompyuta a Windows okhala ndi Step 7, pulogalamu yolembera ma PLC a Siemens, itanyamulidwa pa flash. Sindikunena kuti Linux ikanatseka khomo limenelo mwamatsenga. Ndikunena kuti kompyuta imene sitingathe kuikonza, chifukwa tikaikonza pulogalamu yathu isiya kugwira, ndi khomo losatsekeka.

Wine, chida choyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux, ndinayesa, monga amayesera aliyense. Timapulogalamu ting'onoting'ono, monga tokonzera ma inverter kapena tolembera ma relay anzeru, tina timatseguka ndithu. Zikuluzikuluzi zimafera pa kuika komwe, ndipo imene yatseguka imakakanika pa driver wa chingwe kapena pa chotsimikizira laisensi. Koma ngakhale itagwira bwanji, sindingalowetse pulogalamu m'makina amene pafupi pake paima munthu pogwiritsa ntchito njira imene wopanga sanaiyese. Pamenepo ndinasiya.

Chimene chimagwira ndi virtual machine, Windows yokhala m'kati mwa Linux ngati mlendo m'chipinda chake. Pano ndili nazo zisanu ndi ziwiri pa disiki imodzi, iliyonse ndi pulogalamu yake ndi mtundu wake, chifukwa zida zimenezi sizigwirizana zikakhala pamodzi, ndipo ntchito yolembedwa ndi mtundu wina nthawi zambiri imafuna mtundu womwewo. Ubwino wake ndi snapshot: ndisanaike chatsopano ndimasunga mmene zinthu zilili, zikasokonekera ndimabwerera m'mphindi ziwiri. Anzanga amene makompyuta awo ndi a Windows yokhayokha nawonso amachita chimodzimodzi, pa chifukwa chomwecho. Ndiye funso limabwera lokha: ngati tonse tikugwirira m'ma virtual machine, kodi dongosolo la pansi likufunikiranji kukhala Windows?

Koma njirayi ili ndi misampha yake, ndipo umodzi unandigwira usiku wina umene sindidzauiwala. Gawo lina la mawaya akutali pa lamba wonyamula katundu linapsa cha m'ma 1 koloko. Tinapeza lina m'sitolo ya zipangizo, ndinalimanga, magetsi anayaka, koma nyali yofiira inangokhalabe phethiphethi. Pa PROFINET, netiweki imene PLC imalankhulirapo ndi zida zake, chida chatsopano chimafunika kupatsidwa dzina kaye, chifukwa PLC imachifunafuna ndi dzina. Ndinalumikiza chingwe, ndinatsegula pulogalamu, ndinadina kuti ifufuze zida. Zii. Ndinabwereza. Zii. Ndinasintha chingwe, ndinasintha bowo pa switch, ndinayatsanso Windows. PLC ndinkaipeza popanda vuto ndi ping, lamulo loyesera ngati chida chikuyankha pa netiweki, koma mndandanda wa zida unali mbee.

Mkulu wa shifiti anabwera n'kuima kumbuyo kwanga, manja m'thumba. Anthu ake asanu ndi atatu anali atakhala pa mapaleti, akundiyang'ana.

"Bambo injiniya, tiuzeni zoona. Tidikire kapena anthuwa ndiwapatse ntchito ina?"

"Ndipatseni mphindi khumi, bwana," ndinatero, thukuta lili kamukamu, ngakhale m'mutu munalibe yankho.

Chimene chinandipulumutsa ndi Wireshark ya pa Debian. Ndinaiuza kuti imvetsere pa khadi ya netiweki, kenako ndinadinanso batani lofufuzira m'kati mwa Windows. Palibe chimene chinatuluka pa waya. Pamenepo m'maso munayera. Kufufuza kwa PROFINET kumagwiritsa ntchito DCP, imene imayenda pa waya wa Ethernet penipeni, popanda maadiresi a IP. Ine masana a tsikulo ndinali nditaika virtual machine pa NAT, njira imene imabisala kumbuyo kwa laputopu pa netiweki, kuti nditsitse fayilo ina, n'kuiwala kubwezera. NAT imadutsitsa za IP zokha, ndiye chifukwa chake ping inkayenda pamene kufuula kwa DCP kunkathera m'kati mwa laputopu. Nditasintha kupita pa bridged, pamene virtual machine imalumikizana ndi waya mwachindunji, chida chija chinaoneka nthawi yomweyo, ndinachipatsa dzina, nyali inasanduka yobiriwira, lamba ananyamuka. Mphindi makumi anayi zinapita chifukwa cha kabokosi kamodzi kosadinidwa. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kachida ka USB kosandutsa kukhala Ethernet, kamene ndimakapereka kathunthu kwa virtual machine, kuti Windows izikaona ngati khadi yakeyake. Amene mukuyamba njirayi, gulani kameneka musanagule china chilichonse. Ndipo pa zingwe za serial, onetsetsani kuti dzina lanu lili m'gulu la dialout, apo ayi /dev/ttyUSB0 idzakukanani mpaka mutaganiza kuti chingwe n'chakufa.

Kulakwa kunali kwanga, sindikana. Koma ndikaganiza bwino, msampha umenewu ulipo chifukwa pakati pa ine ndi makina pali makompyuta awiri m'malo mwa imodzi.

Nanga zida zaulere zoti aliyense atha kuona mmene zinalembedwera? Zilipo, ndipo ndimazikonda. Beremiz ndi malo olembera a IEC 61131-3 oyenda pa Linux, ndipo imagwiritsa ntchito MatIEC kusandutsa pulogalamu yako kukhala C. OpenPLC, imene anayambitsa Thiago Alves, inafewetsa zinthu kwambiri moti munthu atha kulemba ladder n'kuiyendetsa pa Raspberry Pi kapena Arduino tsiku lomwelo. Eclipse 4diac imatsata muyezo wina, IEC 61499. LinuxCNC yayendetsa makina osema zitsulo kwa zaka zambiri. Polankhula ndi zida za makampani pali Snap7 ya ma PLC a S7, libplctag ya Allen-Bradley, SOEM ndi IgH za EtherCAT, ndi open62541 ya OPC UA, imene mosiyana ndi OPC yakale ija siidalira Windows.

Mnyamata wina amene tinamulandira kudzaphunzira ntchito chaka chatha ndinamuyambitsa ndi OpenPLC. Tinamanga kabolodi ka mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, ndi contactor imodzi yakale, switchi yoyatsira mota. Ndinamuuza kuti alembe mzere woti ukadina lobiriwira mota iyake n'kukhalabe yoyaka ngakhale utachotsa chala. Anavutika nawo madzulo onse. Mawa lake anabwera akumwetulira, atapeza yekha kuti chotulukacho chiyenera kudzigwira chokha kudzera pa nthambi ya pambali. Contactor itangoti kha, n'kukhalabe chigwirire, anandiyang'ana ngati wapeza chuma.

"Achimwene, ndiye kunyumba ndingathenso kuchita zimenezi?"

"Utha, mphwanga. Tenga kabolodiko, laisensi siikufunika."

Phindu limeneli lokha ndi lalikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Munthu amadziwa ntchito poigwira kambirimbiri, kulakwitsa ndi kukonza, ndipo zimenezo sizitheka ngati chida chophunzirira chimatha ntchito pakapita masiku ochepa oyesera.

Komabe ndinene mosabisa. Zida zaulerezi sizingatsegule fayilo ya makina athu omanga makatoni. Snap7 itha kundiwerengera manambala a m'kati mwa PLC, koma siingandilembere ladder. Ndipo pa makina opondereza zitsulo, pamene dzanja la munthu limadalira pulogalamu, sindingaike chinthu chopanda chiphaso cha chitetezo, kaya ndimachikonda bwanji. Aliyense wokuuzani kuti fakitale yonse ingasamukire ku zida zaulere mawa sanagonepo pafupi ndi panelo.

Ndiye ndikufuna chiyani? Pakupita kwa zaka pempho langa lachepa ndipo lalunjika. Sindikupemphanso kuti makampani aulule source code ya zida zawo, ngakhale zikanakhala bwino. Ndikupempha kuti pulogalamu imene ndalemba ine, kapena imene fakitale inalipira, isungidwe ngati malemba owerengeka ndi maso. Lero mafayilo ambiri a ntchito ndi mtolo womangidwa umene git, chida chosungira mbiri ya kusintha kwa mafayilo, siingakuuze kuti chasintha n'chiyani. Mu foda yathu muli mafayilo a mayina ngati "yomaliza", "yomaliza2" ndi "yomaliza yeniyeni", ndipo ndinakhalapo theka la tsiku ndikufananiza awiri mwa iwo, mzere ndi mzere pa sikirini, kuti ndidziwe imene ili m'makina. Zikanakhala malemba, lamulo limodzi la diff, lofananiza mafayilo awiri, likanayankha. Njira ilipo kale: PLCopen XML inasanduka muyezo wa IEC 61131-10 mu 2019, ndipo Rockwell imalola kutulutsa ntchito ngati L5X. Vuto ndi lakuti izi zimakhala za pambali, zoti uchite kukumbukira kutulutsa, osati mmene ntchito imasungidwira tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi compiler, yosandutsa pulogalamu kukhala chimene PLC ingamve, yoti itha kuitanidwa pa terminal ya Linux popanda mawindo ndi mbewa, pamodzi ndi kufotokoza poyera njira yolowetsera pulogalamu mu PLC. Zimenezi zitakhalapo, wina aliyense atha kumanga malo olembera amene akufuna, ndipo zaka makumi awiri zikubwerazi padzapezeka munthu wotha kutsegula makina akale ngakhale kampani itasiya kuwasamalira. Zizindikiro zabwino zikuoneka. SIMATIC AX ya Siemens inamangidwa pa Visual Studio Code, pulogalamu zake ndi malemba a Structured Text, ndipo imayenda bwino ndi git. Ena akusamukira mu browser, monga FactoryTalk Design Studio. Za mu browser zimandisangalatsa theka. Inde, zimatseguka pa Linux. Koma ngati chida chili pa seva ya wina kutali, ndiye kuti usiku wa vuto ndikudalira intaneti ndi laisensi yolipira chaka ndi chaka, ndipo tsiku limene adzatseke sevayo sindidzakhala ndi kanthu koika m'kabati. Laputopu yothyoka ija, ndi zofooka zake zonse, ili m'manja mwathu.

Mwezi watha ndinaganiza zoti ndisadikire tsiku latsoka. Loweruka lina makina ataima, ndinamasula laputopu ija mosamala, ndinatulutsa disiki yake, n'kuikopera yonse ndi ddrescue, chifukwa inali itayamba kulira kachiphokoso kosakhala bwino. Malo awiri anakana kuwerengeka poyamba, koma pobwereza anatheka. Kope la disikilo ndinalidzutsa ngati virtual machine mu QEMU pa Debian. Windows inadandaula kuti zida zasintha, ndinalimbana nayo maola atatu, kenako inayaka, ndipo pulogalamu ya ladder inatseguka. Chovuta chinatsala pa chingwe. Laputopu yakale ili ndi bowo lenileni la serial la mapini asanu ndi anayi, pamene yanga ilibe. Kachida koyamba ka USB sikanagwire n'komwe. Kachiwiri kankalumikizana kwa masekondi angapo n'kuduka. Kachitatu, kamene ndinabwereka kwa mnzanga, kanagwira, ndipo ndinaona mizere ya ladder ikusanduka yobiriwira pa sikirini yanga, sensa iliyonse ikuyankha ndikaika dzanja patsogolo pake. Ndinakhala pansi pa simenti kwa kanthawi, ndikungoyang'ana.

Ndinakopera pulogalamu yochokera mu PLC, ndinaisunga malo atatu, ndinaisindikizanso papepala, masamba 64, n'kuwaika m'thumba la pulasitiki kuseri kwa chitseko cha panelo. Pamwamba ndinalemba dzina la kachida ka USB kamene kanagwira, ndi liwiro la chingwe.

Sabata ino tikulemba zofunika pa makina atsopano amene fakitale ikufuna kugula. Pansi pa mizere ya mphamvu ya mota ndi kukula kwa lamba ndawonjezerapo mizere itatu yanga: kuti wogulitsa apereke pulogalamu yonse yopanda mawu achinsinsi, kuti aperekenso kope lake m'malemba owerengeka, ndi kuti atchule ngati chida chake cholembera chimaloledwa kugwira mu virtual machine. Mkulu woona zogula anandiimbira kufunsa ngati mizere imeneyi siichepetsa chiwerengero cha ogulitsa. Ndinawapempha kuti atsike kaye kuchipinda cha zamagetsi, ndikawatsegulire kabati ija. Abwera Lachinayi m'mawa.